Canon EF 50mm f/1.8 STM: lenzi yabwino, bola mudziwe poima

Anthu ambiri akagula kamera ya Canon ya DSLR (yosintha malenzi, yokhala ndi kalilole m'kati) amayamba ndi lenzi ya 18-55mm imene imabwera m'bokosi limodzi ndi kamerayo. Pakapita miyezi ingapo madandaulo amayamba: zithunzi za m'nyumba zikutuluka zakuda kapena zogwedera, ndipo kumbuyo kwa munthu wojambulidwa kukuoneka chilichonse, mpaka zovala zoyanika pachingwe. Malangizo amene amapatsidwa amakhala amodzimodzi, akuti gulani 50mm f/1.8. Malangizowa ndi oona, koma ndi operewera, chifukwa lenzi imeneyi ili ndi khalidwe lake, ndipo wosalidziwa amaiimba mlandu pa zolakwa zake zomwe.

Canon inatulutsa lenziyi mu 2015 kuti ilowe m'malo mwa EF 50mm f/1.8 II ya mu 1990. Magalasi a m'kati ndi 6 m'magulu 5, monganso yakaleyo, koma thupi linasintha kwambiri. Pomangira ku kamera tsopano ndi pachitsulo, pamene pa yakale panali pa pulasitiki. Timasamba totseka chibowo cha kuwala tilipo 7 tozungulira m'malo mwa 5, choncho timagetsi takumbuyo timaoneka ngati timipira osati ngati tinthu ta ngodya zisanu. Imatha kugwira fokasi pa chinthu chomwe chili pa mtunda wa masentimita 35, pamene yakale inkafuna 45. Imalemera pafupifupi magalamu 160 ndipo imalandira fyuluta ya 49mm. Samalani pamenepa ngati munali ndi yakale ija, chifukwa mafyuluta ake a 52mm salowa popanda mphete yolumikizira.

Phindu lake lalikulu ndi kuwala. Lenzi ya 18-55mm ikafika cha pa 50mm imatseguka mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikachepa, chibowo chimakula ndipo kuwala kumalowa kwambiri). Kuchoka pa f/5.6 kufika pa f/1.8 ndi masitepe atatu ndi kagawo (sitepe iliyonse imachulukitsa kuwala kawiri), ndiye kuti kuwala kolowa kumachuluka pafupifupi kakhumi. M'chipinda momwe lenzi ya m'bokosi imakukakamizani kugwiritsa ntchito liwiro lojambulira la 1/15 ya sekondi, iyi imakupatsani 1/125 pa ISO yomweyo (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala). Kapena ngati munali pa ISO 3200, mutha kutsikira pa 400 chithunzi n'kukhala chosalala, chopanda timadontho tija tokhala ngati mchenga. Palibe pulogalamu ya pakompyuta imene ingabweze bwinobwino zimene zatayika chifukwa cha mdima, n'chifukwa chake kusiyana kumeneku kumaoneka tsiku loyamba lomwelo.

Vuto limayambira pa chiwerengero chomwecho cha 1.8. Wogula amaganiza kuti poti walipira 1.8, chithunzi chilichonse chijambulidwe pa 1.8. Tawerengani izi. Pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira chithunzi) yaing'ono ya APS-C, monga 2000D, 250D kapena 80D, munthu akaima pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, gawo lomwe limaoneka lakuthwa pa f/1.8 ndi lokuya masentimita 6 okha. Mukasendera pa mita imodzi limatsika kufika pansi pa masentimita atatu. Kuchoka pansonga ya mphuno kufika pakhutu ndi mtunda woposa pamenepo. Munthuyo akangopendeketsa mutu, diso limodzi limakhala lakuthwa, linalo losungunuka. Inuyo mukangoweramira kutsogolo pang'ono popuma, fokasi yachoka padiso yapita pansidze kapena patsitsi.

Kuwonjezera apo, pa f/1.8 lenziyi payokha ndi yofewerapo. Pakati pa chithunzi pamaoneka bwino ndithu, koma mitundu imakhala ngati yaphimbidwa ndi kankhungu, ndipo m'mphepete mwa zinthu zowala kwambiri, monga ndolo zachitsulo kapena nthambi zoyang'ana kumwamba, mumatuluka kamzere kofiirira kapena kobiriwira. Pa kamera ya sensa yaikulu (full frame), monga 6D kapena 5D, m'makona mumada moonekeratu. Mukatseka kufika pa f/2.8 zambiri mwa izi zimatha, ndipo pakati pa f/4 ndi f/5.6 imakhala yakuthwa moti n'kovuta kuisiyanitsa ndi malenzi odula kuiposa kangapo. Kupitirira f/11 imayambanso kufewa chifukwa kuwala kumamwazika podutsa pachibowo chaching'ono, choncho f/22 ilipo koma ntchito yake ndi yochepa. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi, f/2.2 mpaka f/2.8 ndi pamalo pabwino: kumbuyo kumasungunukabe bwino, maso onse awiri ali akuthwa. Anthu awiri kapena atatu oima pamzere umodzi amafuna f/4, imene pa mtunda wa mamita atatu imapereka kuya kwa pafupifupi theka la mita. Sungani f/1.8 kuti ikuthandizeni pamene mdima wakupanikizani.

Chachiwiri chimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi kukula kwa sensa. Pa makamera a Canon a APS-C muyenera kuchulukitsa ndi 1.6, ndiye 50mm imaona ngati 80mm. Imeneyi si lenzi yoyenda nayo paliponse, ndi lenzi ya nkhope. Mukaima pa mamita atatu, kamera itagona, imaona malo otambalala pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 30. Kuti munthu woimirira alowe yense kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kamera itaimikidwa, mumafunika kubwerera mmbuyo mamita anayi ndi theka. Gulu la anthu lotambalala mamita atatu limafuna kuti muime patali pafupifupi mamita 7. M'chipinda wamba khoma limakugundani kumsana musanafike pamenepo. Musanagule, tengani lenzi yanu ya 18-55mm, muiike pa 50, mumate mpheteyo ndi kachidutswa ka tepi, mujambule motero masiku awiri kapena atatu. Ngati mukungoona kuti malo akuchepa, lenzi yokuyenerani ndi EF-S 24mm f/2.8 STM, imene imaona ngati 38mm, ngakhale kuti kumbuyo sikusungunuka kwambiri.

Lenziyi ilibe chothandiza kuchepetsa kugwedera kwa manja, chimene Canon imachilemba kuti IS. Ambiri amene azolowera 18-55mm yokhala ndi IS amadabwa pamenepa. Pa APS-C musatsike pansi pa 1/100 mukajambula mutanyamula pamanja, ndipo kwa ana kapena anthu oyenda yambirani pa 1/250. Njira yosavuta ndi kuika kamera pa M (pamene mumasankha nokha zonse), kusankha f/2.5 ndi 1/125, kenako kusiya ISO pa Auto kuti kamera izisintha yokha. Padzuwa lamasana vuto limatembenuka. Pa ISO 100 ndi f/1.8, kuwala kumafuna liwiro la pafupifupi 1/8000, koma makamera ambiri a oyamba kumene amalekera pa 1/4000, ndiye nkhope imayera mopitirira. Tsekani pa f/2.8, kapena gulani fyuluta ya ND8 ya 49mm imene imachepetsa kuwala ndi masitepe atatu.

Za fokasi pali zoyamika ndi zodandaulitsa. Mota yoyendetsa fokasi, ya STM, imayenda mosalala kuposa ya lenzi yakale, yomwe inkalira ngati chidole chokokera, koma siyachete kwenikweni. Pojambula vidiyo m'chipinda cha zii, maikolofoni ya pa kamera imatola kaphokoso kake, choncho maikolofoni yapadera yoikidwa patali ndi yofunika. Liwiro lake ndi lokwanira pa nkhope ndi zochitika za pabanja, osati pa mpira kapena mbalame zouluka. Mphete ya fokasi siyolumikizidwa mwachindunji ku magalasi. Imangotumiza uthenga ku mota, ndiye kamera ikazima kapena ikagona, mutha kuipotokola mpaka kutopa osaona kusintha. Dinani batani lojambulira pang'ono kuti kamera idzuke. Mbali yakutsogolo imatuluka kunja mukamajambula zapafupi, ndipo apa ndi pamene lenziyi imavulalira: ikaponyedwa m'chikwama itatuluka chomwecho n'kukanikizidwa, timagiya ta m'kati timawonongeka. Musanazimitse kamera, lozani chinthu chakutali kuti ibwerere m'kati. Chotchingira dzuwa chake, ES-68, chimagulidwa padera. Galasi lakutsogolo linalowa m'kati kale moti dzuwa sililivutitsa kwambiri, koma chotchingiracho chimamangidwa pathupi la lenzi ndipo chimalandira nkhonya m'malo mwa mbali yoyenda ija. Pa chifukwa chokhacho n'choyenera kugula, kuposa fyuluta yotsika mtengo ya UV imene imangobweretsa timizukwa ta kuwala usiku.

Zithunzi zikamatuluka zofewa nthawi zonse, musafulumire kubweza lenzi. Choyamba siyani kulola kamera kusankha yokha pogwira fokasi, chifukwa imakonda chinthu chomwe chili pafupi, kaya ndi phewa kaya dzanja. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, mukaike padiso lomwe lili pafupi nanu. Kugwira fokasi ndi kadontho kapakati kenako n'kusuntha kamera kumasokoneza pa f/1.8 mukakhala pafupi. Ngati vuto likupitirira, yesani motere: ikani kamera pa thirayipodi, imikani mabatire asanu patebulo motsatana mopingasa, lililonse kumbuyo kwa linzake ndi masentimita awiri, mugwire fokasi pa lapakati pa f/1.8. Jambulani kasanu poyang'ana pa kadiso kosuzumira ka kamera, kasanu poyang'ana pa sikirini ya kumbuyo (Live View). Live View imayeza fokasi pa sensa penipeni, choncho ikakhala yakuthwa pamene za pa kadiso zikugwera pa batire lakumbuyo kapena lakutsogolo, ndiye kuti lenzi ndi kamera sizikugwirizana pang'ono. Makamera monga 80D, 90D, 7D Mark II ndi 6D ali ndi AF Microadjustment yokonzera zimenezi. 2000D ndi 250D alibe, ndiye njira ndi kugwiritsa ntchito Live View kapena kutseka pa f/2.8. Pa makamera a Canon opanda kalilole a EOS R, kudzera pa adaputa ya EF-EOS R, vutoli kulibe, ndipo fokasi yotsata diso imaisandutsa lenzi ina. Komabe amene ali ndi EOS R koma alibe DSLR konse angachite bwino kungogula RF 50mm f/1.8 STM ya mu 2020, yomwe sifuna adaputa.

Pakompyuta ntchito ndi yochepa ngati mwajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yaona. Pulogalamu yaulere ya Canon, Digital Photo Professional, imaidziwa lenziyi ndipo imachotsa kuda kwa m'makona ndi kupindika pang'ono kwa mizere. Lightroom nayo ili ndi zokonzera zake pansi pa Lens Corrections, ndipo kamzere kofiirira kaja kamachoka ndi Defringe. Pa zithunzi za nkhope, kuda kwa m'makona nthawi zina n'kokoma kukusiya, chifukwa kumakokera maso pakati. Poweruza kuthwa, kulitsani chithunzi kufika pa 100 peresenti pa sikirini ya kompyuta, muyang'ane nsidze. Sikirini ya kumbuyo kwa kamera imanama, chilichonse chimaoneka chakuthwa pamenepo. Fayilo imodzi ya RAW ya kamera ya mamegapikiselo 24 imatenga mamegabaiti pafupifupi 30, choncho khadi la 32GB limasunga zithunzi pafupifupi 1000.

Ogula yogwiritsidwapo kale ntchito awunike m'kati ndi tochi kuchokera kumbuyo. Fumbi lochepa silionekera pachithunzi, koma timizere tokhala ngati ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chimafalikira. Ikani pa f/8, dinani batani loonetsera kuya kwa fokasi kangapo muone ngati timasamba tikutseka msanga popanda mafuta, kenako mugwire fokasi pafupi ndi patali kasanu mukumvetsera ngati mota ikukakamira. Lenziyi ilibe mphira wotchinga madzi kapena fumbi, choncho kumalo achinyezi isungeni m'bokosi lotseka bwino limodzi ndi timapaketi ta silica gel, ndipo muzitiumitsa tikakhuta chinyezi.