Yamaha MT-07 ngati njinga yophunzirira wheelie

Pa njinga zamoto zomwe anthu amagula n'cholinga chophunzira kuyenda ndi tayala limodzi, MT-07 ndi yomwe imatchulidwa kawirikawiri, ndipo mbiri yakeyi si yabodza. Yamaha inaitulutsa mu 2014. Injini yake, CP2, ndi ya masilinda awiri, 689cc, ndipo mphamvu yake yokoka imafika pafupifupi 67 Nm pa 6,500 rpm (kuchuluka kwa maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi), koma yambiri imakhala yafika kale injini isanalire n'komwe. Ndi mafuta omwe imalemera makilogalamu 184 kapena kucheperako pang'ono, ndipo kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo pali pafupifupi 1,400 mm basi. Njinga yaifupi komanso yopepuka chonchi siichita kunyengereredwa kuti idzutse mutu.

Ubwino umenewu ndi womwenso umagwetsa anthu. Poti tayala limanyamuka mosavuta, wophunzira amalumpha phunziro loyamba, lomwe ndi buleki yakumbuyo. Njinga ikadzuka n'kupitirira poimira, pomwe imayamba kugwera kumbuyo, chimene chimaibweza ndi phazi lamanja lokha. Kutseka moto kumathandiza isanafike pamenepo. Ikadutsa, mumagwa chagada njinga ili pamwamba panu. Choncho musanayese chilichonse, sinthani pedulo ya buleki kuti chala cha nsapato chizikhala pamwamba pake ngakhale mutakhala kumbuyo kwa mpando, chifukwa mmene imachokera ku fakitale anthu ambiri imawathawa thupi likapendekera kumbuyo. Buleki ya MT-07 yakumbuyo, ya disiki ya 245 mm, ndi yokwanira bwino pa ntchitoyi. Siluma mwadzidzidzi, ndipo kwa wophunzira zimenezi n'zabwino.

Kaphunziridwe koyenera njingayi ndi ka kilachi, mu giya yoyamba, pa liwiro la makilomita 15 mpaka 20 pa ola. Khalani cha kumbuyo kwa mpando, mawondo atapana thanki, zigongono zili zofewa. Kokani kilachi ndi chala chimodzi kapena ziwiri, osati mpaka kuhandulo koma kungofika pomwe injini yamasuka, wonjezerani moto, n'kusiya kilachiyo msanga. Yambani cha pa 4,000 rpm. Poyamba njinga ingodumpha, mafoloko (zitsulo ziwiri zogwira tayala lakutsogolo) n'kutambasuka tayala osachoka pansi, ndipo palibe cholakwika. Muziwonjezera pang'onopang'ono, ma rpm 200 kapena 300 nthawi iliyonse, mpaka tayala litakwera ngati chikhatho chimodzi. Likangokwera, litsitseni ndi buleki yakumbuyo mwadala, ngakhale palibe choopsa, ndipo bwerezani mpaka phazi liziponda lokha musanaganize. Giya yachiwiri, cha pa 35 mpaka 40 pa ola, imadzuka mofatsa koma imafuna moto wambiri, ndipo kugwa kwake kumakhala kwa liwiro lalikulu. Isiyireni mtsogolo.

Ena amakonda kudzutsa tayala ndi moto wokha, kutseka n'kutsegula mwamphamvu, ndipo MT-07 imavomera mu giya yoyamba. Ife sitikulimbikitsa njira imeneyi kwa wophunzira. Tayala limanyamuka liwiro likukwera kale, simudziwa kuti linyamuka liti, ndipo ma rpm amatha musanaphunzirepo kanthu.

Ma MT-07 a 2014 mpaka 2024 ali ndi moto wa kebulo ndipo alibe traction control, kotero palibe kompyuta yodula mphamvu tayala likakwera. Zomwe dzanja lachita ndi zomwe njinga imachita. Chodandaulitsa n'chakuti pa giya yoyamba motowu umagwira modzidzimutsa ukachoka potseka, ndiye ngati kebulo yalekerera kwambiri njinga imagwedera muli m'mwamba. Chepetsani kulekererako kufike pa mamilimita atatu. Ya 2025 inasintha zambiri: moto ndi wamagetsi, traction control ilipo ndipo muyenera kuizimitsa, mafoloko ndi abwinopo. Koma samalani ndi mtundu wa Y-AMT, womwe ulibe chogwirira cha kilachi, chifukwa pa umenewo njira tafotokozayi siitheka. Ogula yakale ku Britain afunsenso ngati si yochepetsedwa mphamvu kufika pa 35 kW chifukwa cha laisensi ya A2, yomwe siilola njinga yamphamvu kuposa pamenepo.

Pomwe njingayi imakhumudwitsa ndi potera. Mafoloko a 41 mm a mitundu yakale ndi ofewa kwambiri ndipo alibe posinthira. Wophunzira akachita mantha amatseka moto wonse kamodzi, injini ya masilinda awiri aakuluwa n'kugwira mwamphamvu, tayala n'kumenya pansi mpaka mafoloko kugunda kumapeto. Zikachitika kambirimbiri ma seal, mphira zotsekera oilo m'mafoloko, amayamba kudontha: muona kamzere ka oilo kozungulira chitsulo chonyezimiracho, fumbi litamatirira. Oiloyo akatsikira pa buleki yakutsogolo, vuto lakula. Mabeyaring'i a khosi la chiwongolero nawo amakumbika, ndipo mumadziwa mukanyamula kutsogolo n'kutembenuza mahandulo, amakodwa pakatikati. Mankhwala ake enieni ndi katsitsidwe: tayala likatsala pang'ono kugunda, bwezerani moto pang'ono kuti litere mofewa, mahandulo ali owongoka. Likatera mopingasa, chiwongolero chimapukusa uku ndi uku mwaukali, ndipo njingayi ilibe chochepetsa kupukusako. Oilo wokhuthalako m'mafoloko ndi masipuling'i olingana ndi thupi lanu ndi ndalama yoyamba yoyenera kuwononga, patsogolo pa ekizozi yaphokoso yomwe ambiri amathamangira.

Kilachi imapirira ndithu ngati mukuisiya msanga. Chimene chimaipsereza ndi kuigwira theka kwa nthawi yaitali ma rpm ali pamwamba. Mukamva fungo la kupsa kapena chogwirira chayamba kusintha pogwirira, imani izizire, ndipo musathire oilo wa galimoto. Ikufuna oilo wa njinga zamoto wolembedwa kuti JASO MA. Tcheni ya saizi 525 imatambasuka msanga ndi kukokedwa kotere, choncho yesani kulekerera kwake tsiku lililonse lophunzira molingana ndi buku la njingayo. Masipuloketi a fakitale, mano 16 kutsogolo ndi 43 kumbuyo, asiyeni momwemo. Lalikulu kumbuyo limangowonjezera ukali pa njinga yomwe ndi yaukali kale. Oilo wa injini akhale pa mzere wapamwamba, chifukwa njinga ikaima nthawi yaitali oilo amathawira kumbuyo pampu n'kuyamba kukoka mpweya. Pa kudzutsa kwa masekondi awiri kapena atatu zimenezi si nkhawa, koma nyali ya oilo ikayaka tsitsani pomwepo. Tayala lakumbuyo mukhoza kulichepetsa mpweya kufika cha pa 2.0 bar kuti ligwire bwino, n'kuubwezera musanabwerere pamsewu, ndipo lizikhala lotentha, apo ayi limangozungulira pamalo amodzi.

Ena amafunsa za Yamaha R7, yomwe inatuluka mu 2021 ndi injini yomweyi. Imadzuka, koma mahandulo ake otsika amakokera thupi kutsogolo, ndipo ikagwa mapulasitiki ake ndi odula. Pophunzirira, MT-07 ikuposa. Ngakhale zili choncho, si njinga ya munthu amene wangoyamba kukwera; amene kilachi ndi buleki sizinamulowe m'manja ayambe pa yaing'ono ya m'fumbi, ya 125cc kapena 250cc, yomwe ikagwa amangoidzutsa. Amene wakonzeka agule MT-07 yakale, aike zitsulo zoteteza injini mbali zonse, avale chisoti chotseka nkhope yonse, magulovu, nsapato zobisa akakolo ndi choteteza msana. Malo akhale otsekedwa, a tala yosalala yopanda mchenga, otalika mamita 200 kapena kuposa, mwini wake atavomereza, komanso pakhale mnzanu wokhala ndi galimoto pafupi. Pamsewu wa anthu onse ayi.