Ku Saugus Iron Works ndinaona mvukuto wopopedwa ndi madzi

Loweruka lapitali ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 11 kupita ku Saugus Iron Works, kufupi ndi Lynn kuno ku Massachusetts, m'dziko la America. Malowa amayang'aniridwa ndi National Park Service, bungwe la boma losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale, ndipo polowa salipiritsa. Ndinkaganiza kuti tikhala mphindi zochepa, koma tinachoka dzuwa litapendeka.

Pamalopa atsamunda achingelezi anayamba kusungunula chitsulo mu 1646, pa ntchito yomwe John Winthrop the Younger, mmodzi wa atsogoleri awo, anaiyambitsa. Nyumba zambiri zomwe mukazione anazimanganso m'zaka za m'ma 1950, atafukula maziko akale. Mayi amene ankatilondolera anatsegula madzi, gudumu lalikulu n'kuyamba kuzungulira, ndipo mivukuto iwiri ikuluikulu inayamba kupuma mosinthana. Ine thupi linachita tsembwe. Agogo anga aamuna ku Kasungu anali osula, ndipo ndikukumbukira mvukuto wawo wachikopa cha mbuzi, wopopa ndi manja. Nzeru yake ndi yomweyo: makala, mphepo ndi miyala ya chitsulo. Kungoti kuno ankapopa ndi mtsinje, ndipo nyundo yawo, yolemera makilogalamu oposa 200, ankainyamula ndi madzi omwewo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nyumba yodulira chitsulo m'timizere topangira misomali. Msomali ndi kanthu kakang'ono, koma popanda iwo nyumba, ngalawa ngakhale chitseko sizitheka, ndipo atsamundawo ankadikira miyezi kuti sitima iwabweretsere kuchokera ku England. Mayi uja anafotokoza bwino zimenezi, ndipo sanabise kuti ena mwa odula nkhuni anali Asikoti ogwidwa pa nkhondo ya ku Dunbar ku Scotland mu 1650, omwe anagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Ndinawayamikira chifukwa chosazemba nkhaniyi. Kampani yomwe inkayendetsa ntchitoyi inamira m'ngongole ndi milandu, moto n'kuzima cha m'ma 1670, koma amisiri ake anamwazikira kwina n'kukayatsa ng'anjo zina.

Mu 1750 Britain inakhazikitsa lamulo la Iron Act, loletsa kumanga nyumba zatsopano zodulira chitsulo ngati imeneyi m'madera ake a ku America. Ankafuna chitsulo chosasula chizipita kwawo, katundu wopangidwa azibwera kudzagulitsidwa. Nditaimirira pamenepo ndinakumbukira ng'anjo zogumuka za m'nkhalango ya Kasungu. Agogo ankati makasu a m'sitolo atabwera, anthu analeka kuyenga miyala, ndipo iwo anatsala n'kusula zidutswa za njinga ndi magalimoto.

Mdzukulu wanga anandifunsa kuti, “Agogo, ifenso kwathu tinkapanga chitsulo?” Ndinamufotokozera njira yonse yobwerera.

Mukafuna kupitako sankhani miyezi yotentha, chifukwa nyengo yozizira nyumbazi zimakhala zotseka. Valani nsapato zolimba popeza pali zitunda ndi masitepe, ndipo mukangofika funsani nthawi yomwe ayendetse magudumu.