Rivesi, timasitichi tating'ono kapena kukwirira mfundo: poyambira ndi pothera posoka kwiliti pa makina

Kwiliti, chofunda chija cha nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi ndi thonje pakati, ikamayamba kusomboka nthawi zambiri imayambira pomwe ulusi unayambira kapena pomwe unathera, ndiye anzanga osoka pa makina, malo awiri amenewa tisamawathamangire. Musanasankhe njira iliyonse kokerani kaye ulusi wa bobini, wapansi uja, pamwamba. Gwirani wapamwambawo, tembenuzani gudumu singano itsike n'kukwera kamodzi, mukakoka pang'ono wapansi utuluka, muugwire wonse uwiri poyamba kusoka. Mukapanda kutero kunsi ulusi umapiringizana ndipo mumadzaona mzere wonse mutamaliza kale.

Rivesi, kusoka chobwerera m'mbuyo kuti ulusi ugwire, tonse tinaizolowera pa zovala, ndipo kumeneko ilibe vuto poti msoko umabisala mkati. Koma pa kwiliti zonse zili poyera, kumaso ndi kumbuyo komwe, masitichi atatu anayi obwerezawo amatupa n'kumaoneka, makamaka ulusi ukasiyana mtundu ndi nsalu, komanso kubwerera ndendende m'mabowo omwewo nsalu ziwiri ndi thonje lapakati zili pansi pa phazi la makina sizophweka ayi. Ineyo rivesi ndimaiika m'mphepete mokha momwe mpendero udzaphimbe basi. Batani lija lomangira ulusi pamalo amodzi la makina ena nalonso limasiya kachotupa kunsi kogwirika ndi chala, sindimalikonda.

Timasitichi tating'ono ndiye njira yanga ya tsiku ndi tsiku. Mumatsitsa sitichi kufika pa 0.5 mm kapena 1 mm, n'kusoka kamtunda ka 6 mm, kenako n'kubwezera pa 2.5 kapena 3 mm, pothera chimodzimodzi, ndiye mudule ulusi pafupi ndi nsalu. Ngati mwatsitsa mano a makina aja okoka nsalu ndipo mukuyendetsa nsaluyo ndi manja, ingoyendetsani pang'onopang'ono poyambapo kuti masitichi athinane okha. Njirayi imafulumira ndipo pa ulusi wa thonje imagwira zedi, chofunda cha mwana chochapidwa pafupipafupi chimapirira nayo. Vuto lake mukalakwitsa kuphwasula kwake ndi chintchito, mutha kuboola nsalu, ndipo ulusi woterera ngati rayon kapena uja woonekera ngati wa mbedza umatha kupulumukabe mukaudulira pafupi kwambiri.

Kukwirira mfundo kumadya nthawi, koma pa ukhondo palibe yofanana nako. Mumasiya ulusi wautali wa 10 mpaka 15 cm, wapamwamba ndi wa bobini wonse uli mbali imodzi, mumange kamfundo pafupi ndi nsalu, mulowetse wonse uwiri pa singano yamanja, kenako mubaye pa bowo lomwe ulusiwo watulukira. Singano iyende mkati mwa thonje lapakatilo 2 kapena 3 cm osatulukira kumbuyo, ituluke pamwamba, mukoke mpaka mumve kamfundo kalowa kuti thi! Podula kokani ulusiwo pang'ono, nsonga yake imabwerera yokha mkati. Pezani singano ija yong'ambika kumutu yomwe ulusi mumangoukanikizira, apo ayi maso amatopa msanga. Ndipo musaunjike ulusi wonse kuti mudzakwirira kumapeto, umakodwa pansi pa phazi n'kusokereredwa, bola kukwirira mukamaliza chigawo chilichonse. Chodulira ulusi cha makina chija chodula chokha muchisiye kaye apa, chimasiya tinsonga tatifupi tosamangika.

Kwa ine kwiliti yofunda pakhomo ndi timasitichi, yamphatso kapena yokaonetsa ndi kukwirira, olo zitenge madzulo onse. Mizere yochokera m'mphepete kukafika m'mphepete ina imachepetsa ntchito yonseyi chifukwa mpendero umatseka nsonga. Pomwe sindinyengerera ndi bobini ikathera pakati pa mzere, pamenepo phwasulani masitichi angapo mpaka ulusi utalike woti n'kumanga, mumange, mukwirire, kenako singano mutsitsire pa bowo lomaliza lomwelo n'kupitiriza, ulusi watsopanowo nawonso muukwirire.