Mfuti ya Hanyang 88: zimene ndapeza nditakhala nayo miyezi isanu ndi umodzi

Mwa mfuti zonse zakale za asilikali a dziko la China, zija munthu amachita kukoka bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope wa mfuti) ndi dzanja asanawombenso chipolopolo china, imene ndakhala ndikuilakalaka kwa zaka zambiri ndi Hanyang 88. Nditamva kuti wogulitsa wina wa zida zakale, yemwe ali ndi chilolezo chochitira malonda amenewa, ali nayo imodzi, sindinazengereze, ndipo mapepala onse a boma atatha kulongosoka mfutiyo inafika m'manja mwanga. Papita miyezi isanu ndi umodzi ndikuiyang'anitsitsa ndi kuisamalira, ndipo maganizo anga ndi akuti mfuti imeneyi ndi yoyenera munthu wokonda mbiri yakale, koma wofuna mfuti yokawombera nayo akasake ina.

Chiyambi chake ndi ku Germany. Mu 1888 bungwe la asilikali a kumeneko linakonza mfuti yotchedwa Gewehr 88, ndipo Zhang Zhidong, bwanamkubwa yemwe ankalamulira zigawo za Hubei ndi Hunan m'nthawi ya ufumu wa Qing, anagula makina opangira mfutiyi n'kuwaika pafakitale ya zida zankhondo ya ku Hanyang, dera lomwe lero lili mumzinda wa Wuhan. Ntchito yopanga inayamba mu 1895. Ajeremani eniakewo anayamba kuisiya mfutiyi patangopita zaka khumi chiikonzereni, atapeza Gewehr 98, koma ku China inapangidwabe mpaka m'ma 1940, ndipo zonse pamodzi zinakwana pafupifupi miliyoni imodzi. Asilikali amene anaukira ufumu wa Qing ku Wuchang pa 10 October 1911 ananyamula mfuti za mtundu umenewu, ndipo ndi zomwezi zimene zinaliranso pankhondo za akuluakulu a asilikali olimbirana zigawo, pankhondo yolimbana ndi Japan kuyambira mu 1937, ngakhalenso pankhondo yapachiweniweni ya chipani cholamula cha Kuomintang ndi chipani cha Chikomyunizimu.

Chondidandaulitsa chachikulu chili pa mmene wogulitsa anaifotokozera. Papepala lake analemba kuti mfutiyi inapangidwa ku Hanyang mu 1930, chifukwa pachitsulo cha pamwamba, pomwe mpope umalumikizana ndi thunthu la mfuti, panadindidwa nambala 30. Munthu wochita malonda a zida za ku China amayenera kudziwa kuti boma la nthawi imeneyo linkawerenga zaka kuyambira mu 1912, chaka choyamba cha Republic of China, moti kuti upeze chaka chenicheni umawonjezera 1911 pa nambala yodindidwayo. Choncho 30 akutanthauza 1941. M'chaka chimenecho mzinda wa Wuhan unali kale m'manja mwa asilikali a Japan, omwe anaulanda mu October 1938, ndipo makina a mafakitale anali atasamutsidwa kupita kumadera a mkati mwa dziko. Umboni wina unali pamalo omwewo: pafupi ndi nambalayo pali kachizindikiro ka swastika, kamtanda kopindika nsonga kamene ambiri amakadziwa ngati ka chipani cha Nazi, komwe wogulitsayo anandiuza pafoni kuti mwina kakusonyeza kuti zitsulo zinachokera ku Germany. Zimenezo si zoona. Ku China chizindikirochi ndi chakale kwambiri m'chipembedzo cha Chibuda, ndipo chinali chidindo cha fakitale ya Jinling ya ku Nanjing, imene itasamukira ku Chongqing inayamba kutchedwa 21st Arsenal. Choncho mfuti yanga inapangidwa ku Chongqing, osati ku Hanyang. Nditamulembera kalata yomufotokozera zonsezi anavomereza kulakwa kwake mwaulemu, ndipo pa chimenecho ndikumuyamikira, koma wogula wina wosadziwa akanakhala zaka zambiri akufotokozera alendo ake mbiri yolakwika.

Kunena zoona, chaka cha 1941 chinandisangalatsa kuposa 1930, chifukwa chimafotokoza maonekedwe a mfutiyi. Imeneyo inali nthawi yomwe ndege za Japan zinkaphulitsa mabomba mumzinda wa Chongqing, ndipo amisiri ankagwira ntchito mothamanga ndi zipangizo zoperewera. Ukayendetsa chala pambali pa thunthu umamva timizere tomwe makina anasiya, tosasalazidwa nkomwe, ndipo nambala zina zinadindidwa mopendekeka. Nambala ya pa bolt ndi yosiyana ndi ya pathunthu, zomwe zimachitika kawirikawiri pamfuti za ku China chifukwa zinkakonzedwa mobwerezabwereza pochotsa ziwalo pamfuti zina zowonongeka. Amene anazolowera kusalala kwa mfuti za ku Germany kapena ku Sweden angaione ngati ntchito yosalongosoka, koma ine ndimaona manja a anthu amene ankapanga chida chotetezera dziko lawo adani ali pakhomo.

Yanga ilibe chitsulo chokuta mpope chomwe chinali pamfuti zoyambirira, zija anthu ankazitcha Lao Taotong. Chitsulo chimenecho anachichotsa mu 1904, ndipo pambuyo pake anaikapo kathabwa kamene kamateteza dzanja kuti lisapse mpope ukatentha. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 125, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu anayi.

Thabwa lake ndilo ndimalikonda koposa zonse. Ndi lakuda bii ndi mafuta komanso thukuta la zaka zambiri, ndipo kumunsi kwake, mbali imene imatsamira paphewa, kuli mng'alu womwe wina anaulumikiza ndi tizikhomo tiwiri tamkuwa. Pamalo pomwe dzanja lamanzere limagwira, thabwalo linaperepeseka mpaka kulowa pang'ono, moti ukaigwira zala zako zimakhala pomwe panakhala zala za ena. Palinso zilembo ziwiri zozimirira zomwe zimawerengedwa minbing, kutanthauza magulu a anthu wamba oteteza madera awo, omwe anapatsidwa mfuti zakale zoterezi asilikali atalandira zatsopano m'ma 1950. Ndikuthokoza kuti wogulitsa sanalipale thabwali ndi sandipepa kapena kulipaka vanishi kuti liwale, monga ena amachitira pofuna kukopa ogula, pakuti zilembo zimenezi zikafufutika sizibwereranso, ndipo mtengo wa mfutiyo kwa osonkhanitsa zakale umatsika.

Mkati mwa mpope ndimo muli vuto. Nditaunikamo ndi tochi ndinapeza kuti ndi mwakuda, mwadyeka ndi dzimbiri, ndipo mizere yozungulitsa chipolopolo yangotsala pang'ono kutheratu. Zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere wokoka chinyontho mumpope, ndipo msilikali akapanda kutsukamo tsiku lomwelo chitsulo chinkayamba kudyeka. Pali chinthu china choopsa chomwe aliyense wogula mfutiyi ayenera kudziwa. Ngakhale zipolopolo zake zimatchedwa 7.92×57, izo ndi za mtundu wakale wa mutu wobulungira, zopyapyala pang'ono poyerekeza ndi zosongoka zomwe zinabwera pambuyo pake. Zatsopanozo zimalowa ndithu, koma ndi zonenepa komanso zamphamvu kwambiri, ndipo kuziwombera m'chitsulo chakale chonchi kungathe kuvulaza munthu koopsa. Komanso mutu wa bolt umachoka, moti n'zotheka kuimanga mfutiyo mutuwo utaiwalika. Pa zifukwa zimenezi ine sindinaiwombepo, ndipo ndilibe cholinga chotero.

Wina akandifunsa kuti ayambe ndi mfuti iti, ndinganene kuti zimatengera chimene akufuna. Type 53, yomwe anatengera ku Mosin-Nagant M44 ya ku Soviet Union ndipo inayamba kupangidwa mu 1953, imapezeka mosavuta, ndi yolimba, ndipo mpeni wake wa kunsonga umapindikira m'mbali. Mfuti yotchedwa dzina la Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa China panthawiyo, yomwe inayamba kupangidwa ku Gongxian mu 1935 potengera Mauser Standardmodell, ndi yaifupi komanso yopangidwa mwaluso kuposa yangayi. Koma palibe mwa ziwirizi imene inaona ufumu wa Qing ukugwa, ndipo pa chifukwa chimenecho Hanyang 88 ndimaiika patsogolo, ngakhale kuti yanga ndi ya m'zaka zakumapeto.

Chimene chinasowa m'bokosi ndi kachitsulo konyamula zipolopolo zisanu, komwe kamalowa konse m'magazini, chipinda chosungira zipolopolo m'mfutimo, n'kugwera pansi kudzera pabowo la kumunsi chipolopolo chomaliza chikalowa mumpope. Popanda kachitsuloka mfutiyi imangolandira chipolopolo chimodzi chimodzi, ndipo kwa wosonkhanitsa zakale imakhala yosakwanira. Wogulitsa walonjeza kuti andifunira kamodzi, ndipo pamene ndikudikira, mwezi uliwonse ndimaitulutsa m'kabati yokhoma, n'kupukuta zitsulo zake ndi kansalu kothira mafuta pang'ono, osakhudza zilembo za pathabwa zija.