Pampu yochotsera oyilo mu injini, patatha miyezi 10 chiigulireni

Sabata yatha alamu anga a ku Machinjiri anandiimbira foni atangotuluka ku galaja. "Alamu, oyilo wapitirira kadontho ka pamwamba ndi chala chathunthu. Pampu yanu ija ikadalipo? Ndigule yanga kapena mundibwereka?" Ankanena kadontho ka pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo mu injini. Pa foni sindinathe kuwauza zonse, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona pa miyezi 10 yomwe ndakhala nayo.

Galimoto yanga ndi Toyota Axio ya injini ya 1.5, ija amaitcha 1NZ-FE. Injini imeneyi imalowa malita 3.7 ngati wasinthanso fyuluta, koma oyilo amene ndimagula amabwera m'chigubu cha malita 5. Tsiku lina ndinasiya galimoto pa galaja ina ku Ndirande pamodzi ndi chigubu chosatsegula, ine n'kupita kuntchito. Pobwera madzulo ndinapeza m'chigubumo mulibe ngakhale dontho. Mnyamata amene anagwira ntchitoyo anati, "Bwana, tathira yense. Oyilo sachuluka, injini imakondwa." Ndinamukhulupirira. Patapita masiku atatu, ndikukwera chitunda cha ku Bangwe, ndinaona utsi wabuluu pagalasi, galimoto ikumveka yolemera ngati ndanyamula matumba a chimanga.

Oyilo amachuluka ndithu. Akakwera kwambiri mu sampu (chibeseni cha pansi pa injini momwe oyilo amakhala), crankshaft (chitsulo chomwe chimazungulira pamwamba pake) imayamba kumumenya ngati munthu akupukusa therere, mpaka amachita thovu. Thovu ndi mpweya, ndiye zitsulo zomwe zimadikira oyilo zimalandira wosakwanira. Wina amakankhidwa kudzera pa valavu ya PCV, yomwe imatulutsa mpweya wounjikana m'kati mwa injini, kupita kolowera mpweya, n'kukapsa limodzi ndi petulo. Utsi wabuluu uja umachokera pamenepo. Mapulagi amada, masilu otsekera oyilo amayamba kudontha, ndipo zikapitirira catalytic converter, yomwe imayeretsa utsi pa ekizozi, imawonongeka.

Ndikanatha kulowa pansi n'kumasula bawuti ya sampu, koma amene anayesapo akudziwa kuti oyilo satuluka mwaulemu pamenepo. Ukufuna lita imodzi, amakhuthuka yense. N'chifukwa chake ndinapita ku Limbe, m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto, n'kugula pampu ya pamanja pa K38,000. Ilibe dzina lodziwika. Ndi thanki yapulasitiki yokhala ndi mizere yoyezera, chogwirira chopopera, paipi yaikulu imodzi ndi timapaipi titatu toonda tolowetsa pabowo la dipstick.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Thanki sinathibulepo. Mizere yake ndi yoona, ndinaiyesa ndi botolo la lita imodzi. Chogwirira chikadali cholimba. Tsiku loyamba ndinachotsa malita 1.3 pa mphindi khumi zokha, utsi uja n'kutha patatha masiku awiri.

Chomwe pampuyi inandiphunzitsa ndi kuyeza. Kwathu ku Chilomoni pabwalo n'potsetsereka, monga mmene alili malo ambiri mu Blantyre muno. Galimoto ikayang'ana kumtunda dipstick imanena zina, ikayang'ana kumunsi imanena zinanso. Panopa ndimapita nayo pamalo athyathyathya, ndimazimitsa injini, ndimadikira mphindi 5 mpaka 10 kuti oyilo atsikire mu sampu, kenako ndimasolola dipstick, kupukuta, kuibweza mpaka pamapeto, n'kusololanso. Oyilo watsopano ndi woyera moti savuta kukunamiza, ndiye ndimagoneka dipstick papepala loyera n'kuona pomwe panyowa. Pa galimoto zambiri, pakati pa timadontho tiwiri tija pamalowa lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho kupitirira ndi chala chathunthu si nkhani yaing'ono.

Tsopano vuto lake, lomwe landisowetsa mtendere kuyambira mwezi wachitatu chiigulireni. Pomwe kapaipi koonda kamalumikizana ndi paipi yaikulu pali kalabala. Kalabala kameneka kakamwa oyilo kamafewa, kamatupa, n'kuyamba kulowetsa mpweya. Umapopa kokwana makumi awiri, ukumva kuti fyii, oyilo akwera theka la paipi n'kubwereranso pansi iwe ukuona.

Tsiku lomwe zinandiwawa kwambiri linali Loweruka lina mu June, kukuzizira, chiperoni chili tolo. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi kagalimoto kawo kakang'ono, nawonso atawathirira chigubu chonse. "Achimwene, ndamva muli ndi chochotsera, tandithandizeni, ndikuthamangira ku maliro ku Thyolo." Injini inali yozizira, oyilo ali wolemera ngati uchi. Ndinapopa mpaka mkono kuwawa, osatuluka kanthu. Ndinamanga polumikizira paja ndi mphira ya chubu cha njinga, zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndili pakati pa ntchito kapaipi kanavuka n'kuyamba kutsetserekera m'bowo la dipstick. Ndinakagwira kutatsala kansonga kokha. Mtima unagunda, chifukwa chidutswa cha pulasitiki chikatsalira m'menemo ndiye kuti sampu yonse imasulidwe, pa galimoto ya eni ake, munthu ali pa ulendo wa maliro. Ntchito ya mphindi khumi inatitengera pafupifupi ola, ndipo mayiwo ananyamuka mochedwa.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndaliza injini mphindi zisanu kuti oyilo afunde, koma osati atenthe ngati wochokera ulendo wautali, chifukwa timapaipi tija timafewa. Ndinayezanso kapaipi ndi dipstick n'kumata tepi pomwe kayenera kulekezera, kuti kasapindike m'kati.

Lolemba lake ndinabwerera ku Limbe ndi lisiti m'manja. Mnyamata wa pa kauntala sanafune n'kuyang'ana komwe. "Achikulire, katundu akatuluka pakhomo sabwerera." Ndinamufunsa ngati amagulitsa kalabala kokha, anati ndigule pampu ina. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti ndinataya ndalama m'madzi. Ulendo wachiwiri ndinapeza eni sitolo, bambo achikulire ndithu. Iwowa anandimvetsera, anapepesa, n'kukatenga kalabala kuseri, koma anandilipiritsa K3,000. Kanatha miyezi iwiri n'kutupanso chimodzimodzi. Chomwe chinandipulumutsa ndi kachidutswa ka paipi ya petulo ndi tiklampu tiwiri, zomwe ndinagula kwa mnyamata wogulitsa zitsulo mumsika wa Limbe. Paipi ya petulo inapangidwa kuti izipirira mafuta, ndipo mpaka lero mpweya sukulowanso. Zimandipweteka kuti yankho linachokera panja pa sitolo yomwe inadya ndalama zanga kawiri.

Pali malo awiri pomwe pampu imeneyi singakuthandizeni. BMW zambiri zatsopano zilibe dipstick, oyilo umamuona pa sikirini ya pa dashibodi injini itafunda, ndiye musanagule yambani mwatsegula boneti muone ngati bowo lolowetsera kapaipi lilipo. Chachiwiri, ngati oyilo akukwera yekha popanda wothira, akununkha petulo kapena akuoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti petulo kapena madzi akulowa mu sampu. Kupopa sikuchiza zimenezo, pitani kwa makaniko odziwa ntchito. Ndipo oyilo wakuda musamutaye mu ngalande, chonde, mvula ikagwa amakathera mu Mudi ndi mitsinje ina yomwe anthu amachapamo.

Nanga ndalama? Chitsikireni Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, oyilo si wosewera naye. Malita 1.3 aja anali atangoyenda masiku ochepa, ndinawasunga m'botolo loyera, ndipo ndi omwe ndakhala ndikuwonjezera mulingo ukatsika. Pa galaja pomwe anandithirira mopyola paja ankafunanso K10,000 kuti achotse. Ndikawerengera galimoto zisanu zomwe ndathandiza, yanga ndi za anansi, pampuyi inabweza ndalama zake. Ndikakumbuka nkhope ya mnyamata wa pa kauntala uja, mtima umabwereranso m'mbuyo, ndipo m'sitolo imeneyo sindinalowemonso.

Alamu anga ndinawauza kuti asagule, abwere adzabwereke, chifukwa chinthu chogwira ntchito kawiri pa chaka sichifunika pakhomo lililonse. Akafunabe yawo, aiyese m'sitolo momwemo asanalipire: atseke kunsonga kwa kapaipi ndi chala, apope kakhumi, amve ngati ikugwira chalacho osasiya. Anabwera Loweruka m'mawa, tinapita pamalo athyathyathya paja, tinachotsa mamililita 800, ndipo iwo ananyamula botolo lawo kupita nalo ku Machinjiri.