Kwa Masteni pa Nchalo: malo oonera mpira omwe amayamba akununkhiza m'kamwa

Ine ndine makaniko wa njinga zamoto pa Nchalo, zolembalemba si ntchito yanga. Koma anthu andifunsa kokwanira za malo omwe mwana wa mlongo wanga amapita madzulo. Ena amafunsa mondiseka, ati ndikumulekerera. Ena amafunsa motsitsa mawu, chifukwa nawonso ali ndi wawo kunyumba yemwe wawasowetsa tulo. Ndiye ndati ndifotokoze kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe.

Malowa alibe chikwangwani. Ndi shedi ya malata kuseri kwa msika, ukapatuka pa msewu wa M1, ndipo anyamata amangoti kwa Masteni. Muli TV imodzi yaikulu, tebulo la pulu limodzi, bawo ziwiri, mabenchi a matabwa ndi filiji yomwe imalira ngati chigayo. Mwini wake ndi mayi wachikulire ndithu, wamfupi, wa mawu aang'ono. Mowa sagulitsa, ndipo wolawa mowa salowa.

Mnyamata wathuyu kwawo ndi kutsidya kwa Shire, ku East Bank. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, nyumba inapita ndi madzi, mbuzi zinapita, iwo n'kukakhala pa kampu m'makalasi a sukulu. Mlongo wanga anandiimbira foni kuti, "Achimwene, dzamutengeni mwanayu, kuno za sukulu kulibe." Ndinakamutenga ali ndi zaka 14. Chaka choyamba anali mwana wofatsa, wotumika. Kenako ndinayamba kumulola kuti Loweruka azitsuka njinga za anyamata a kabaza pa shedi yanga, azipezako kangachepe ka sopo. Ndinkati ndikumuphunzitsa kudzidalira. Osadziwa kuti ndikumupatsa ndalama ya bibida.

Amene simukhala kuno mwina mukuganiza kuti vuto linatha pomwe boma linaletsa mowa wa m'masacheti cha m'ma 2015. Linangosintha chovala. Mowa womwewo unalowa m'timabotolo ta pulasitiki tomwe anyamata amati midoli, tolowa bwinobwino m'thumba la kabudula wa sukulu. Pambali pake pali kachasu wa m'mudzi, wa shuga ndi madeya kapena wa masawu nyengo yake ikafika, yemwe amakuyezera malinga ndi ndalama yomwe uli nayo. Lamulo likuti mowa usagulitsidwe kwa munthu wosakwana zaka 18, koma ndani pa shabini anafunsapo chiphaso cha unzika? Agogo athu ankamwa uchema pansi pa mtengo ntchito ya kumunda itatha, mwana osayandikira n'komwe. Lero kukhale kumapeto kwa mwezi, a m'minda ya nzimbe atalandira, pa Nchalo pamawira, ndipo mwana wa Fomu 2 amakhala benchi limodzi ndi bambo wa ana asanu.

Tsiku lomwe maso anga anatseguka linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loti ukaponda tala patapata amamatirira. Wa kabaza wina anafika pa shedi atamukhazika pakati, mnzake atamugwirira kumbuyo. "Madala, mwana wanu tamutola m'ngalande." Milomo itayera, buluku litanyowa, patapata mmodzi kulibe. Kuchipatala anamuika diripi. A dokotala anandiuza zinthu zomwe ndinali ndisanamvepo ngakhale ndakhala ndi zidakwa moyo wanga wonse: kuti mowa waukali umaumitsa madzi m'thupi ndi kutsitsa shuga, ndiye ukaphatikiza ndi kutentha kwa kuno kopitirira madigiri 40, munthu atha kugona osadzukanso, kuti woledzera chonchi uzimugoneka chammbali, osati chagada, kuopa kutsamwa ndi masanzi, ndiponso kuti chamba chomwe tinapeza m'thumba mwake si masewera pa ubongo wa mwana yemwe akukula. Anyamata amanamizana kuti chamba chinaloledwa. Lamulo la 2020 lija linaloleza cholima ndi chilolezo, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Chosuta chikadali mlandu.

Ndinamumenya, sindibisa. Sizinathandize. Ndinamutsekera m'nyumba, koma nyumba ya malata ya pa Nchalo 6 koloko madzulo ndi uvuni, ngakhale ine mwini wake sindikhalamo. Mnyamata ayenera kupita penapake basi. Ndipo nditayamba kuwerenga malo omwe mwana angaonere mpira wa Arsenal pano, ndinapeza kuti pafupifupi onse ndi mabala kapena oyandikana ndi bala. Mkazi wanga ndiye anamva za kwa Masteni kwa anzake a ku banki m'khonde.

Ndinapita ndekha kaye kukaona. Mayiwo amakhala pakhomo penipeni, pa kreti yozondotsa, kathumba ka ndalama m'chiuno, kope la sukulu pamiyendo. Anyamata anali pa mzere. Aliyense akafika amawerama yekha, osauzidwa, n'kupumira mayiwo kumaso. Mayiwo amanunkhiza, n'kumuyang'ana m'maso, n'kulandira ndalama. Itafika nthawi yanga ndinangotulutsa ndalama.

"Pumani apa, bambo."

"Amayi, ine ndi wamkulu, ndangobwera kudzaona malo."

"Akuluakulu ndiye oyamba. Pumani."

Ndinapuma. Ndinali nditamwa Green imodzi yokha poweruka, imodzi basi. Anandibwezera ndalama yanga m'manja mwaulemu wonse. "Mubwere mawa, bambo. Pano pali ana." Anyamata kumbuyo kwanga anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinachoka ndili ndi manyazi komanso nditakwiya, koma ndisanafike kunyumba ndinali nditatsimikiza kale kuti mwanayu azipita kumeneko.

Mphuno ya mayi amene uja ndi yoopsa. Anyamata ayesa chingamu, ayesa kutafuna masamba a gwafa, mtedza wokazinga, ngakhale adyo. Amangoti, "Wadya adyo chifukwa chiyani masana ano? Bwerera." Tsiku lina ndili pomwepo kunabwera mnyamata wooneka bwino, malaya opisira, botolo la Frozy m'manja. M'kamwa munali bwinobwino. Mayiwo anatambasula dzanja, n'kutenga botolo lija, kutsegula, kununkhiza kamodzi. Sanakalipe. Anapendeketsa botololo pang'onopang'ono, zonse n'kuthira pa fumbi pakati pa mapazi a mwini wake, fungo la kachasu n'kukwera aliyense kulimva. Kenako anamubwezera botolo lopanda kanthu, chitsekerero chomwe, n'kutsegula kope lija. "Sabata ziwiri usaoneke. Mayi ako ndiwapeza ndekha kumsika." Ndipo amawapezadi.

Za mitengo, mpira umodzi ndinalipira K300, gemu ya pulu K200, bawo ndi yaulere. Zimakwera mafuta akakwera, monga chilichonse masiku ano. Thobwa wawo ndi wabwino zedi, wa mapira, wozizira, wosachulutsa shuga. Mafirizi a malambe amatha mpira usanafike theka. Zitumbuwa ndi za dzulo nthawi zambiri, musataye nazo ndalama. Nthawi ya makalasi mwana wa yunifolomu salowa, ndipo mayeso a MANEB akayandikira, a Fomu 4 onse amawathamangitsa ngakhale kukhale Manchester United ndi Liverpool.

Tsopano zowawa, chifukwa zilipo zambiri.

Kutentha kwa m'shedimo si kwa masewera. Fani ndi imodzi, yoyang'ana mbali imodzi, ndipo anyamata makumi anayi akadzazana fungo la thukuta limakulandira uli panja. Tebulo la pulu linang'ambika pakona ndipo ndi lopendekeka, moti mipira yonse imathamangira bowo limodzi. Anyamata okhazikika amadziwa, mlendo amangodyedwa. Chimbudzi ndi choti ungolowa chifukwa wapanikizika. Magetsi akazima kajenereta kawo kamatenga nthawi kuti kalire, ndipo petulo akasowa mpira umathera pomwepo. Ndalama amabweza theka, zomwe ine ndikuona kuti n'zachilungamo, koma anyamata amang'ung'udza njira yonse.

Izi ndi zazing'ono. Zomwe zimandidetsa nkhawa ndi zina. Mphuno imagwira mowa ndi utsi wa chamba, koma sigwira mapilitsi kapena mankhwala a chifuwa omwe ana ena ayamba kumwa kuti aledzere. Mayiwo amayesa kuona m'maso, koma madzulo pakhomo pamakhala mdima. Sigwiranso kubetcha. Theka la anyamata aja maso ali pa TV, chala chili pa foni, ndipo yemwe waluza ndalama ya ganyu ya sabata yonse amatuluka nkhope itagwa. Komwe akupita ine ndikukudziwa. Komanso atsikana mulibe. Sawaletsa, koma mtsikana uti angakhale yekha pakati pa chigulu chotere? Pomwe atsikana a pano nawonso akumwa, ndipo iwo akaledzera zomwe zimawagwera ndi zazikulu kuposa kugona m'ngalande. Ndinawafunsa mayiwo, anangoti, "Bambo, ndili ndi manja awiri."

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Ana a sukulu amatulutsidwa 9 koloko usiku, popanda kukambirana. Koma mpira waukulu wa Champions League umayamba 9 kapena 10 koloko. Mwana wokonda Chelsea mukuganiza amapita kukagona? Amazungulira kuseri n'kukaima pa windo la bala. Ine ndikanakonda masiku amenewo akanalola mwana kukhala ngati kholo labwera kudzamutenga. Mayiwo akuti ayi, mawa kuli sukulu. Pamenepa sitinagwirizanebe.

Pomwe tinakangana kwenikweni ndi nthawi ya Khirisimasi. Wathuyu anali atakhala miyezi iwiri osalawa, kenako anzake akale anamupeza. Anafika pakhomo paja akununkha, n'kulembedwa m'kope, sabata ziwiri. Anabwera kunyumba akulira ngati kamwana, "Amalume, andithamangitsa." Poyamba ndinati zakukhalira. Koma patapita masiku atatu ndinaona kuti akusowanso madzulo, akubwera maso ofiira. Ndinapita kwa mayiwo ndili wotentha.

"Amayi, mwana mukamuthamangitsa pano mukumupereka kwa ogulitsa kachasu. Chilango chanji chimenechi?"

"Ndiye ndimulowetse woledzera, ena makumi atatu aja aziona?"

"Sindikutero. Koma sabata ziwiri n'zambiri."

Anakhala chete nthawi yaitali, akusanja ndalama zachitsulo pa kope. Kenako anati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma uyu ali ndi malume ake. Azibwera, koma muzibwera naye, mukhale naye benchi limodzi mpaka mpira uthe. Ndipo nonse awiri muzipuma apa."

Ndinakhala pa benchi lija masiku asanu ndi limodzi, ine wa Bullets, kuonera matimu a ku England omwe osewera ake sindidziwa ndi mayina omwe, thukuta likuyenderera kumsana, wopanda ngakhale Green imodzi m'mimba. Tsiku lachinayi, pa hafu taimu, mnyamatayo anandiuza yekha, osafunsidwa, kuti usiku wa madzi uja anagona mu mtengo ndi mng'ono wake, ndipo mpaka pano mvula ikamagunda pa malata tulo samatipeza pokhapokha atamwa kenakake. Zaka ziwiri tikudya nsima mbale imodzi, ine osadziwa. Lamulo loti wolangidwa azibwera ndi kholo lidakalipo. Sabata yatha ndinaona agogo ena aakazi atakhala kutsogolo ndi mdzukulu wawo, akufunsa kuti ovala zofiirawo ndi a dziko liti.

Ndinene poyera kuti kwa Masteni si chipatala. Mwana yemwe wafika pomanjenjemera m'mawa akapanda kumwa, kapena wayamba kulankhula yekha ndi kuona zosaoneka chifukwa cha chamba, musamutengere ku pulu. Yambani ku chipatala cha boma cha pafupi, iwo ndi omwe amatumiza ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba zikavuta. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso omwe akodwa mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kungoti kwa ife a kuchigwa kuno ndi ulendo wautali komanso wolira ndalama. Wathuyu tinabwerera naye kwa a dokotala aja pa nkhani ya tuloyi, ndipo akumamuona.

Kwa mwana yemwe wangoyamba kulawa, kapena yemwe sanayambe koma mukuona anzake akupendekera komweko, ine ndikuti K300 yanuyo siipita pachabe. Pitani naye tsiku loyamba, mayiwo akudziweni nkhope ndi komwe mumapezeka, chifukwa malowa amagwira ntchito kholo likamadziwika. Mutenge madzi akumwa ndi kansalu kopukutira thukuta. Mukhale benchi la kumanzere, ndiko fani imayang'ana.

Kajenereta kaja ndinakakonza ndekha mwezi watha, kabureta inali itadzaza fumbi. Ndalama ndinakana. Mayiwo anandipatsa thobwa wa botolo lalikulu, ndipo mawa lake nditabwera kudzaona ngati kakulira bwino, anandiimitsa pakhomo kuti ndipume kaye.