Ozimitsa moto a ku Chipata: nyenyezi 4, yachisanu ndachotsera ife tokha

Ine sindilembalemba zama review koma iyi nkhani ndakhala nayo kuyambira October 2024, nthawi ija ya lodi shedingi madzi atachepa ku Kariba, manje lekani ndiinene chabe.

Mlamu wanga ku Kapata anaika pani ya saladi pa stovu kuti akazinge chipisi cha ana, malaiti anapita, iye anangosiya pompo osazimitsa switchi nkupita kwa aneba kukacheza. Cha m'ma 21 hours malaiti abwera, ana akuwa "abwera! abwera!" monga mwa masiku onse, osadziwa kuti ku kitchini saladi yayamba kale kufuka. Pomwe timaona utsi moto unali utagwira katani ndi siling'i bodi. Ndiye apa mpomwe ndichita manyazi, tinali anthu mwina 30 panja, aliyense foni m'manja, ena akujambula za pa Facebook, palibe ngakhale mmodzi wodziwa nambala. Wina ati 991, imeneyo ndi ya apolisi. Kamtsikana ka giredi 7 ndi kamene kanati ndi 993, anatiphunzitsa kusukulu. Lembani, 993.

Atangoyankha foni sanatizunguze, anafunsa komboni, chizindikiro chapafupi ndiponso ngati muli munthu m'kati. Galimoto inafika msanga ku msewu waukulu koma kuti ilowe kwathu mavuto, tinamanga mipanda ndi tuntemba mpaka njira inatsala ya njinga, anachita kukoka paipi mtunda ndithu. Mnyamata wina woledzera akuwa ati "ndi ija ya 1 miliyoni iyi?", kunena zija galimoto 42 zinagulidwa 42 miliyoni dolazi mu 2017, anthu kuseka pamene nyumba ikupsa. Chipata yathu.

Amene ndifuna kuyamika maningi ndi abambo amene anali kutsogolera gulu, dzina sinditchula. Sanakuwe ngakhale kamodzi. Choyamba anatuma mmodzi kukazimitsa meni switchi, kenako anagwada pansi nkufunsa mwana wamng'ono wa mlamu kuti mumagona angati m'nyumba muno, anawerenga mitu payekha ndipo pamenepo mpomwe analola anyamata ake kulowa. Kitchini inapita yonse, firiji inasungunuka ngati kandulo, koma zipinda ziwiri zinapulumuka pamodzi ndi ma NRC ndi masatifiketi a ana.

Atamaliza anakhala pa sitepe, buti zili tho ndi madzi akuda, foni yawo inalira. Ndinamva chabe akuti "gona mama, ndibwera m'mawa, homuweki akuthandiza amako". Atadula anandiuza kuti mwana wawo sagona akamva sairini, amadziwa kuti atate ali momwemo, ndipo amai akunyumba anazolowera kuphimba nsima mpaka kucha. Anaseka polankhula koma ine sindinaseke.

Chimene sindinayembekezere, pa Chiweru anabweranso, tsiku lawo la ofu, ali pa njinga atavala tisheti wamba, kamwana kawo kaja kali pa kaliya. Anasonkhanitsa azimayi a pa layini yathu pansi pa mango, anayatsa saladi pang'ono mu pani yakale pa mbaula nkuthirapo kapu ya madzi ali patali, moto unalumpha kupitirira mutu, amai ena anathawa kusiya patapata. Kenako anaviika saka m'madzi, kufinya, nkuphimba pani, moto zii. Ati saladi ikayaka osathira madzi, ivundikireni isowe mpweya. Ananenanso za mbaula m'nyumba yotseka mu June ndi July, kuti malasha amapha munthu ali m'tulo popanda kununkha kanthu. Mlamu anafuna kuwapatsa ya dirinki anakana, anangolandira mango ziwiri za mwana.

Manje nyenyezi ija ndachotsa chifukwa cha ife. Mpanda wa alandilodi ukadali pomwepo pakati pa njira, ndawauza katatu, ati tidzaona mvula ikatha. Mlamu anagula stovu ina pa ngongole ndipo pamwamba pa switchi analemba 993 ndi makala.